LIU LA CINGEREZI LIMENE NDINALIMVA MOCEDWA

M'buku langa lina lakale muli kapepala kamene ndakasunga kwa zaka zoposa 40. Kanang'ambidwa m'kope la ana a sukulu, ndipo tsopano kafiira ndi ukalamba. Pa kapepalako palembedwa liu limodzi lokha la Cingerezi, ndi dzanja la munthu amene anatisiya kale. Liulo ndi ili: labefaction. Ambiri a inu simunalimvepo, ndipo musadziyese osaphunzira, pakuti ngakhale ku England kweni-kweniko mungayende mtunda wautali musanakomane ndi munthu wolidziwa. Ine ndinalilandira ngati cenjezo m'caka ca 1978. Ndinaliseka, ndipo ndinadzalimvetsa patapita caka cathunthu, madzi atatayika kale. Lero ndifuna kukusimbirani tanthauzo lake, kumene linacokera, ndi mtengo umene banja langa linalipira kuti ine ndilimve.

Pochula, Angerezi amati "labifakishoni". Mukafunsa munthu wothamanga kuti litanthauzanji, adzakuuzani kuti ndi kugwa: kugwa kwa munthu wolemekezeka, kwa ufumu, kapena kwa makhalidwe abwino. Sanama, koma wanena theka. Angerezi ali nao kale mau ambiri onena za kugwa, monga downfall, ruin ndi collapse. Ngakhale makolo ao akale, a Norman asanalande dzikolo mu 1066, anali ndi liu lao-lao lakuti hryre, limene linafa kalekale. Mau onsewa amaloza pa cimaliziro, pamene cipupa cagumuka, fumbi lati koboo, anthu athamangira kudzaona. Liu lathuli limayambira kutali ndi pamenepo.

Linacokera ku Cilatini, cinenero ca Aroma akale, ndipo ndi mau awiri olumikizidwa. Loyamba ndi labare, ndiko kugwedera kapena kudzandira, monga cicita cinthu cimene cikali ciimire koma catsala pang'ono kugwa. Laciwiri ndi facere, ndiko kupanga kapena kucititsa. Tsono labefacere ndiko kucititsa cinthu colimba kuti ciyambe kugwedera. Ife alimi ticidziwa bwino cimeneci. Khasu likayamba kugwedera mumpini silinaguluke. Ulima nalo lero, ulima nalo mawa, ndipo woona patali ayesa uli ndi khasu labwino. Dzino la mwana likamagwedera likali m'kamwa, ndipo atafuna nalo cimanga. Nthawi yonse imeneyo, kuyambira tsiku limene cinthu cayamba kukhwefuka kufikira tsiku limene cidzagwa, ndiyo imene liuli linena. Kugwa kwake kulimo ndithu, koma kuli kothera.

Kodi linalowa bwanji m'Cingerezi? M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, anthu ophunzira a ku England, amene anali kuwerenga Cilatini kuyambira ubwana, anali ndi cizolowezi cotenga mau a Cilatini ndi kuwaveka malaya a Cingerezi. Ena mcitidwe umenewu sanakondwe nao, ndipo mau otere anawacha mau a m'nyanga ya inki, popeza alembi a masiku amenewo anali kusungira inki m'kanyanga. Anali kutanthauza kuti mauwo anabadwira pa tebulo la mlembi, osayamba apitako m'kamwa mwa anthu wamba. Anaculuka kotero kuti mu 1604 Robert Cawdrey, amene nayenso anakhalapo mphunzitsi, anasindikiza buku loyamba lomasulira mau a Cingerezi m'Cingerezi comwe, ndipo munali mau ovuta pafupi-fupi 2,500. Ambiri a mau obwerekawo anakhazikika, mwakuti lero mwana wa pulaimale awalemba osadziwa kuti anali alendo. Ena anafota. Liu lathuli linatsala pakati: silinafe, komanso silinalowe m'makomo mwa anthu.

Malo akale koposa pamene ofufuza analipeza litalembedwa ndi m'buku la zaumoyo la caka ca 1620, lolembedwa ndi dokotala Tobias Venner, amene anali kuciritsa anthu mumzinda wa Bath. Iye analigwiritsa nchito ponena za kufooka kwa ciwindi. Ici ine cimandikhudza, pakuti ciwindi ndi ciwalo ca m'kati cimene munthu saciona, cimene cingathe kuonongeka mwini wake ali kuyenda ndi kuseka pakati pa anzake.

Amene analichukitsako pang'ono ndi Dr Samuel Johnson, mkulu wa mabuku wa mu London, amene anabadwa mu 1709 namwalira mu 1784, ndipo mu 1755 anatulutsa dikishonale yake yaikulu. Bwenzi lake James Boswell wa ku Scotland anali kulemba zokamba zake, nazisindikiza mu 1791 m'buku la mbiri ya moyo wa Johnson. M'menemo muli nkhani ya tsiku lina m'mwezi wa April 1775, pamene akulu-akulu anali kukambirana za sewero lochedwa The Beggar's Opera.

Seweroli analilemba John Gay, ndipo linayamba kuonetsedwa mu London mu 1728. Anthu analikonda kotero kuti linaonetsedwa maulendo 62 pa nyengo yoyamba yokha, cinthu cosaoneka-oneka masiku amenewo. Ngwazi ya m'seweromo ndi Macheath, mtsogoleri wa acifwamba olanda anthu m'miseu, munthu wooneka bwino, wanthabwala, wokondedwa ndi akazi, amene aweruzidwa kuti anyongedwe koma pamapeto pake amasulidwa. Akulu ena anali ndi nkhawa kuti anyamata adzatengera. Mu 1773 woweruza milandu wochuka wa mu London, Sir John Fielding, anacita kupempha eni ake nyumba za masewero kuti aleke kulionetsa.

Johnson sanafulumire kuvomereza mantha amenewa. Anati iye sakhulupirira kuti alipo munthu amene anasanduka mbala cifukwa copenyerera seweroli. Koma anaonjeza kuti sangakane kuti lingazoloweretse anthu kuona wakuba ngati munthu wamba, ngakhale wokondweretsa kumene. Atatero anadzikoka monga munthu wofuna kuponya nkhonya yaikulu, natulutsa liu lake, kunena kuti seweroli ligwedeza maziko onse a makhalidwe abwino. Iye anasankha mtundu wautali wa liuli, labefactation, wocokera ku labefactare, kumene kuli kugwedeza kobwereza-bwereza. Boswell asimba kuti onse amene analipo anavutika kudziletsa kuseka, cifukwa liulo linali lolemera ngati mtondo. Komatu mkuluyo anali atanena cinthu coona: munthu sakhala mbala usiku umodzi, amayamba wazolowera. Amene anafuna kuseka aja sindiwadzudzula, popeza inenso ndinaseka, ndipo ine ndinaseka mokweza.

Tsono ndibwere kwathu kuno. M'caka ca 1975 Boma linalamula kuti masukulu akhale ndi Production Unit, kuti ana aphunzire kulima ndi kuweta, sukulu nayo ipezeko ndalama zake. Ine panthawiyo ndinali mphunzitsi wacinyamata pa sukulu ina ya pulaimale kuno kum'mawa, imene dzina lake sindichula. Tinali ndi munda wa cimanga ndi nshawa, dimba la repu ndi matimati, ndi khola la nkhuku za mazira. Popeza ndinali wodziwa masamu, ndiponso mowa sindinali kulawa, mu 1976 komiti ya makolo ndi aphunzitsi inandisankha kukhala msungi wa ndalama. Anandipatsa kabokosi kacitsulo, kiyi wake, ndi buku lolembamo zolowa ndi zotuluka. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndiri kuyenda ngati nduna.

Caka coyamba bukulo linali loyera, ngwee iriyonse pa mzere wake. Tsiku lina pakati pa mwezi tayala la njinga yanga linaphulika, malipiro akali kutali. Ndinatenga K2 m'kabokosi, ndi kuikamo kapepala konena kuti ndabwereka. Pakutha pa mwezi ndinabweza, kapepalako ndi kung'amba. Palibe amene anataya kanthu, ndipo m'menemo ndimo munali coopsa, pakuti ndinaphunzira kuti dzanja langa lingalowe m'kabokosi ndi kutulukamo popanda cocitika.

Ulendo waciwiri inali K5, mwana atadwala, ndipo ndinabweza patapita miyezi iwiri. Ulendo wacitatu kapepala sindinalembe, poti ndinati ndidzakumbukira. Zaka zimenezo sopo, shuga ndi saladi zinali kusowa m'masitolo, ndipo zikafika, munthu unayenera kukhala ndi ndalama m'manja tsiku lomwelo. Kabokosi kanali pafupi. Pambuyo pake ndinayamba kucedwa kulemba mazira ogulitsidwa pa Ciweru, ndi kumati ndidzalembera pamodzi ndi a sabata ya mawa. Sindinadziyese mbala ngakhale tsiku limodzi. Mumtima mwanga ndinali wobwereka, munthu waulemu wake amene adzabweza zonse zinthu zikakhala bwino. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Mwambi umenewu ndinali kuphunzitsa ana m'kalasi monga mwambi wa kusunga cuma, osaganiza kuti ngongole nayonso imangidwa mtolo momwemo.

Aphunzitsi akulu a pasukulupo anali nkhalamba yophunzitsidwa ndi amishoni, munthu wofatsa, wokonda mau akulu-akulu a Cingerezi. Pa tebulo pao panali dikishonale yonenepa yothothoka cikuto, ndipo ife acinyamata tinali kuwajeda kuti amadya mau m'malo mwa nsima. Tsiku lina m'mwezi wa June 1978, ataona buku langa la ndalama, anandiitanira mu ofesi. Sanandikalipire. Anatsegula masamba awiri, lina la 1976 ndi lina la mwezi womwewo. Pa tsamba lakale tsiku lirilonse linali ndi mzere wake. Pa latsopano panali mipata ndi manambala ofufuta-fufuta.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi mwaona kusiyana kwake?"

"Bambo, nchito yaculuka," ndinayankha. "Ndidzakonza sabata ino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anang'amba kapepala m'kope, nalembapo liu lija, nati, "Mwana wanga, tengani dikishonale iyi mukagone nayo. Mukawerenge liu ili, mawa mudzandiuze ngati mwalimva."

Usiku umenewo ndinatsegula bukulo pa nyali ya koloboyi. Liulo ndinalipeza, ndipo linali ndi matanthauzo angapo ondandalikidwa pa mzere umodzi. Maso anga analumphira pa lotsiriza, limene ndinali kulidziwa kale, lakuti downfall. Ndinaseka, ndi kuuza akazi anga kuti, "Akuluwa akalamba ndithu. Ati ine ndagwa! Kodi munthu wakugwa ndi amene apatsidwa kalasi ya mayeso, ndi kusunga ndalama za sukulu yonse?" Iwo sanaseke. Anati, "Bambo, akulu akakulemberani kalata ya liu limodzi, muziliwerenga kawiri." Ine ndinatseka buku ndi kuzima nyali.

M'mawa ndinabweza dikishonale, ndi kunena mwaulemu kuti ndalimva. Anafunsa kuti, "Mwalimva lonse?" Ndinati inde. Pa tsiku limenelo ndalama zosowa zinali zisanakwane K40. Ndikanaulula pomwepo, ndikanazibweza m'miyezi yowerengeka, nkhani ndi kuthera mu ofesi momwemo. Koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsiku la fumbi linadza m'mwezi wa July 1979. Komiti inagwirizana zogula malata a kalasi imene denga lake linasasuka ndi mphepo m'dzinja, ndipo anati ndibwere ndi kabokosi ndi buku pa msonkhano wa makolo. Tinakhala patsinde pa mtengo wa mango. Bukulo linati muyenera kukhala K310. M'kabokosi munapezeka K147. Wapampando anawerenga ndalamazo kawiri, naziyala pa tebulo, ndipo pabwalo ponse panangoti zii. Pakati pa anthuwo panali amai amene ana ao anali kutunga madzi othirira dimba lija m'mamawa uliwonse asanalowe m'kalasi. Mmodzi wa iwo anafunsa motsitsa mau kuti, "Aphunzitsi, kodi si inu mwakhala muli kutiphunzitsira ana kuti kuba n'koipa?" Funso limenelo lindiwawa kufikira lero kuposa cilango ciriconse cimene ndinalandira.

Aphunzitsi akulu anandipepesera kwa makolo kuti nkhani isapite ku polisi. Anagamula kuti ndipereke kiyi pomwepo, ndi kubweza K163 temu yotsatira isanathe. Ndalama zotere ndinalibe. Akazi anga anali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja, amene anagula ndi ndalama za nshawa zao tisanakwatirane, ndipo anali kusokera mayunifomu ana a m'midzi yozungulira. M'mawa wina anawasenza pamutu okha, napita nao kwa wogula, osandiuza kanthu. Madzulo anandipatsa ndalama zomanga pa kansalu, napita kukaphika. Caka cotsatira ndinasamutsidwira ku sukulu ina yakutali, ndipo ukulu umene ndinali kuuyembekeza unapita kwa wina. Makina ena ndinadzawagulira mu 1986. Anathokoza, koma anthu ao osoketsa anali atazolowera kale kwina, ndi maso ao anali atayamba kufooka.

Ndisanacoke pasukulupo ndinapita kukatsazika aphunzitsi akulu. Dikishonale ija inali pamalo pake. Ndinapempha kuti ndionenso liu lija, ndipo ulendo uno ndinayambira kumanzere, monga tiphunzitsira ana oyamba kumene kuwerenga. Tanthauzo loyamba linali kufooketsa. Lotsatira linali kuvunda pang'ono-pang'ono. Kugwa kunali kothera. Pamenepo ndinazindikira kuti akuluwo sanandiuze kuti ndagwa. Anandiuza kuti ndiri kugwedera, pa nthawi imene kucirikiza kunali kotheka. Anasankha liu lacilendo cifukwa sanafune kundicha mbala pamaso, ndipo anafuna kuti ndidzipezere ndekha, mseri, ulemu wanga usanacoke. Ndinawauza kuti tsopano ndalimva lonse. Anakhala cete pang'ono, nati, "Inenso ndinalakwa, mwana wanga. Ndikanakuuzani m'Cinyanja."

Mau amenewo ndakhala ndiri kuwasinkha-sinkha zaka zambiri. Mlandu unali wanga, pakuti dzanja limene linalowa m'kabokosi linali langa, ndipo tanthauzo lonse linali pamaso panga usiku uja. Koma n'zoona kuti liu lacilendo linandipatsa pobisala. Akanati andiuze m'Cinyanja, ndiganiza akanandiuza za nkhokwe, ndipo pamenepo ndikanasowa pothawira, cifukwa nkhani ya nkhokwe ndinaiona ndi maso anga ndiri mwana.

Atate anga, caka ciriconse cimanga cisanalowe, anali kuzungulira nkhokwe ndi mpini wa nkhwangwa, nagogoda mphanda iriyonse ndi mtanda uliwonse, khutu ali chee. Mtengo wolimba uli ndi kulira kwake, ndipo wodyedwa ndi ciswe ulira ngati cigubu copanda kanthu. Ciswe cimadya m'kati ndi kusiya kunja, kotero kuti ndi maso okha mphandayo ioneka yabwino-bwino. Akapeza yolira moipa anali kuicotsa tsiku lomwelo, ngakhale nchito zina zidikire. Mnansi wathu wina analibe nazo nchito zogogoda. Usiku wina wa mvula nkhokwe yake inagwa, cimanga ndi kumwazika m'matope, ndipo kusanace nkhumba ndi mbuzi zinali zitayamba kale phwando. M'mawa anali kuuza aliyense kuti mphepo yamugwetsera nkhokwe. Atate anatola cidutswa ca mphanda, nacifikisa m'manja, ndipo cinangosanduka dothi. Mphepo imeneyo inaomba pa nkhokwe zonse za m'mudzi, koma inagwa imodzi. Timati cakudza siciimba ng'oma, ndipo pa za mphenzi ndi ngozi za pamseu mwambiwo unena zoona. Cakudza ca mtundu uwu cokha cimaimba ndithu, koma aimva ndi amene agogoda.

Kwa ana a sukulu ndi ena okonda Cingerezi, ndinene pang'ono za kagwiritsidwe kake. Liuli ndi dzina. Mneni wake ndi labefy, amene ali wosowa koposa. Kawiri-kawiri litsatidwa ndi kaliu kakuti of, kenaka cinthu cimene cafooketsedwaco. Silinenedwa pa tsoka ladzidzidzi. Munthu woterereka pamatope, nyumba yogwa ndi mphenzi, wamalonda amene sitolo yake yapsa usiku umodzi, onsewa ali ndi mau ao ena. Liyenera pamene cinthu cinali colimba, ndipo cakhala ciri kufooketsedwa kufikira cosatha kudziimira: thanzi la munthu, mwambo wa pabanja, cilungamo ca m'mabwalo a milandu, kukhulupirirana kwa anthu ndi atsogoleri ao, kapena ufumu wathunthu. Liri ndi abale ake amene munawazolowera kale, ocokera ku liu lina la Cilatini lakuti labi, ndiko kuterereka. Lapse ndi kuphonya kwakung'ono, relapse ndi kubwereranso m'matenda kapena m'colakwa, collapse ndi kugwa konse pamodzi. Mukafuna kuwasiyanitsa, tengani nkhani yangayi. K2 ya tayala la njinga inali lapse. Za patsinde pa mango zinali collapse. Miyezi yonse ya pakatipo, imene ndinali kuvala tayi ndi kulandira moni waulemu kwa makolo, ndiyo inali labefaction.

Citsanzo cacikulu ndi ufumu wa Roma, kwao kweni-kweni kwa liuli. Ophunzira mbiri amaloweza caka ca 476, pamene mfumu yotsiriza ya cigawo ca kumadzulo, Romulus Augustulus, inacotsedwa pampando ndi mkulu wa asilikari Odoacer. Koma Edward Gibbon, amene anali m'kagulu kamodzi ka ocezerana ndi Johnson, pofuna kufotokoza za kugwa kumeneku anayambira nkhani yake m'zaka za m'ma 100, ufumuwo uli pacimake pa mphamvu zake. Mabuku ake 6 anatuluka pakati pa 1776 ndi 1788, ndipo pa mutu wao anaika mau awiri, kufooka patsogolo, kugwa pambuyo. Anadziwa kuti wofuna kumvetsa tsiku la fumbi ayenera kubwerera ku masiku amene aliyense anali kunena kuti zonse ziri bwino.

Komabe ndikucenjezeni, inu acinyamata, kuti liuli si loyenda nalo pamsika kapena lokometsera kalata yofunsira nchito. Woliwerenga angakuyeseni wodzionetsera, monga anzake a Johnson anafuna kumuseka ngakhale anali katswiri. Lidziweni kuti mukalipeza m'mabuku mulimve lonse, kuyambira kumanzere. Koma mukaona mbale wanu, mwana wanu kapena mnzanu wa kunchito ali kugwedera, musamulembere kapepala ka Cilatini. Muitanireni pambali, mumuuze m'cinenero cimene anayamwira, ndi mau amene sangathe kuwazemba. Adzakwiya nanu sabata imodzi kapena mwezi, koma zimenezo n'zopepuka poyerekeza ndi msonkhano wa patsinde pa mango.

Ine ndinapuma pa nchito kale, ndipo aphunzitsi akulu aja pamodzi ndi akazi anga onse anagona. Zaka zingapo zapitazo amai a m'dera lathu anayambitsa kagulu kosunga ndi kubwereketsana ndalama, ndipo anadza kudzandipempha kuti, monga mphunzitsi wakale, ndiziwalembera buku. Ambiri a iwo anabadwa nkhani yanga itaiwalika, ndipo ndikanatha kungovomera. Ndinawakhazika pansi ndi kuwasimbira zonse, monga ndakusimbirani inu. Kenaka ndinati buku ndidzalemba, koma kiyi sindigwira. Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndipo pa msonkhano uliwonse ndalama ziwerengedwe mokweza, aliyense ali kuona. Mai wina anati, "Ambuye, ife tikukhulupirirani, zonsezi n'zaciani?" Ndinamuyankha kuti komiti ya 1976 nayonso inandikhulupirira, ndipo siinalakwe, pakuti tsiku limene inandipatsa kiyi ndinali munthu wokhulupirika.

Masiku ano kabokosi ka ambiri kali m'foni, ndipo dzanja lilowamo mosavuta kuposa kale, popanda ngakhale kulira kwa loko. Inu amene musunga za anzanu, kaya ndi za cilimba, za kopaletivu, za maliro kapena za ana amasiye, tsegulani buku lanu usiku uno, muike tsamba la caka coyamba pambali pa tsamba la mwezi uno, monga anandicitira akulu aja. Mukapeza mipata, musadikire kuti zinthu zikhale bwino. Pitani mawa lomwe kwa amene anakupatsani kiyi, mukanene nokha, ndalama zosowazo zikali zoti mungathe kubweza.